Mkamwini wa Kutsidya kwa Kamtsinje

Ku Gellenrath Watsopano amanena kuti mayi Billa Dohmen anasudzula mwamuna wawo atafa kale. Nkhaniyi mungaimve kogula buledi, kapena pabenchi ya kumanda, pamene nkhalamba zathu zimakhala n'kumayang'anitsitsa kumene zikupita. Akuti pamene kampani ya malasha inkasamutsa mudzi wathu wonse, amoyo ndi akufa omwe, banja lililonse linatenga mafupa a abale ake kupita nawo kumanda atsopano. Mayi Billa anatenga a bambo awo, a mayi awo, ngakhale a azakhali awo amene sankapatsana nawo moni. Koma a Mattes, mwamuna amene anakhala naye zaka makumi anayi, anawakweza galimoto ina n'kuwabweza kwawo ku Sillhoven ngati nsapato yothina. "Ankangodikira mpata," amatero amayi ogula buledi. "Mayi ameneuja mtima wake ndi mwala."

Mafupa anabwezedwadi, pamenepo sananame. Zinazo ndi malovu chabe.

Pakati pa Gellenrath wakale ndi Sillhoven pankadutsa kamtsinje koti mwana wa sukulu ankakalumpha osanyowetsa sokosi. Koma kamtsinje kameneko kanali malire a pakamwa. Ife a tsidya lino tikafuna kunena kuti "kuchita" timati make, kudula mawu pa k ngati kuthyola kamtengo kouma. A tsidya lija amati maache, kupumira kukhosi ngati mphaka amene wamuponda mchira. Madzi ife timati Water, iwo Wasser. Mphunzitsi wina anatiuzapo kuti kusintha kumeneku kunayambira kumapiri a kumwera zaka zoposa chikwi zapitazo, n'kumakwera chakumpoto mudzi ndi mudzi, kufewetsa k, t ndi p m'kamwa mwa anthu, mpaka kunafika pa kamtsinje kathu kutatopa, n'kukhala pansi osawoloka. Zina zimene ankanena zinangotidutsa, poti ambiri a ife sukulu tinaisiya msanga kukatola mbatata. Chimene aliyense ankadziwa n'chakuti munthu akangotsegula pakamwa, umadziwa tsidya limene anayamwira. Mpingo unali umodzi, mbatata zofanana, mvula yomweyo, koma kukwatiwa kutsidya kunali ngati kukwatiwa kunja kwa dziko.

Nthawi imeneyo anali Billa chabe, mwana yekhayo wa mlimi Dohmen, mtsikana wamiyendo yosamva malamulo. Tsiku lina anavala diresi lofiira, n'kulumpha kamtsinje kukavina ku Sillhoven. Kumeneko anapeza Mattes Wirtz, mwana wa wosula zitsulo, mnyamata amene kwawo ankati satseka pakamwa, woseketsa anthu ngakhale pamaliro. Anamuseketsa Billa mpaka nthiti kuwawa. Chaka chisanathe anakwatirana, ndipo poti kwa a Dohmen kunalibe mwana wamwamuna woti atenge munda, Mattes ndiye anawoloka kudzakhala mkamwini.

Lamlungu loyamba atatuluka m'tchalitchi analowa m'bala monga amachitira amuna onse. Pakauntala panali Wellem Kamphausen, mnyamata wamapewa ngati chitseko, amene bambo ake anali ndi minda mbali zonse.

"Ndipatseni mowa umodzi, ndikufuna ndikaone ng'ombe," anatero Mattes m'kalankhulidwe ka kwawo, kakukhosi kaja.

Wellem anaika tambula yake pansi. "Mlamu, tanenanso."

"Ndati mowa umodzi."

"Ayi, zinazo. Anyamata, tayang'anani pansi pa matebulo. Pali amene waponda mphaka muno?"

Bala lonse linagwa nako kuseka. Mattes naye anaseka, n'kubweza. "Inuyo ndiye mumalankhula ngati ngolo yosathira mafuta, ke-ke-ke mpaka kumsika. Akazi anu amagona bwanji?"

Anaseka kwambiri, koma Mattes anaona kuti sakuseka nthabwalayo ayi. Ankaseka m'mene yatulukira. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linakhala Mphaka. Ana ankamuitana choncho ali kuseri kwa mpanda, ndipo wansembe mwiniyo tsiku lina linamupulumuka.

Billa ankamukonda mwamuna wake, zimenezo asakunamizeni munthu. Koma manyazi anali naye. Akakhala patebulo ndi makolo, Mattes akayamba nkhani, Billa ankamuponda phazi.

"Pamaso pa bambo usamalankhule choncho," ankamuuza akatuluka.

"Ndizilankhula ndi chiyani, makutu?"

"Uziyesa, Mattes. Si zovuta."

Annemie, mwana wawo yekhayo, atayamba kulankhula, tsiku lina analoza kapu n'kunena kuti Wasser. Agogo ake anagwira pachifuwa ngati mwana watukwana. "Mwamuwononga mwanayu." Madzulo ake Billa anapempha mwamuna wake kuti ndi mwanayo azilankhula Chijeremani cha kusukulu, kuti asadzasekedwe. Mattes anavomera. Koma nthabwala zake m'Chijeremani cha kusukulu zinkatuluka zitavala taye, mwana osaseka.

Tsopano za mbalame. Chaka chilichonse, mbatata zisanakumbidwe, amuna a m'mudzi amavala majekete obiriwira ndi zipewa za nthenga, n'kukweza mbalame yosema pamwamba pa mlongoti kuseri kwa tchalitchi. Amaiwombera ndi mfuti mosinthana. Amene wagwetsa chibenthu chomaliza ndiye mfumu ya chaka chimenecho: amavala unyolo wa siliva, mkazi wake amasoketsa diresi, amakwera ngolo ya mahatchi, ndipo tsiku la chikondwerero amaimirira m'chihema n'kuthokoza mudzi. Kuthokozako sikuchitika m'Chijeremani cha kusukulu. Kumachitika m'chilankhulo cha mudzi, monga ankachitira makolo. Ndiye poti ufumu umenewu umafuna munthu wokonzeka, nkhani imakhala itatha kale ku bala, aliyense akudziwa kuti chaka chino ndi cha uje. Mbalame ikatsala pang'ono kugwa, ena onse amawombera kumbali mwadala, n'kumapukusa mitu ngati zawakanika.

Chaka chimenecho chinali cha Wellem. Mkazi wake anali atagula kale nsalu. Mattes anali m'gululo chifukwa apongozi ake anamuuza kuti mwamuna wosavala jekete lobiriwira sadzapeza omunyamula akadzafa. Lamulo ankalidziwa bwino. Vuto linali limodzi: Mattes sankatha kuwombera. Zaka zonsezo akaloza mbalame ankalasa mphepo. Tsiku limenelo analoza mphepo, n'kulasa mbalame.

Chibenthu chinagwa, phi! Oimba malipenga, amene anali aganyu ochokera kwina, anayamba nyimbo ya mfumu mokondwa. Ena onse anangoti kukamwa yasa. Mattes anathamangira kwa Wellem mfuti ili m'manja.

"Wellem, tenga ndiwe unyolowo. Sindinafune, mfutiyi yandipusitsa."

"Mphaka wagwira mbalame, chachilendo n'chiyani?" anatero Wellem, akumwetulira ndi mano okha. "Mwambo ndi mwambo, mlamu. Tidzakumvera m'chihema."

Billa yekha ndiye anakondwa. Anaona kuti mwayi ndi umenewu: Mattes akangolankhula bwino kamodzi pamaso pa mudzi wonse, dzina la Mphaka lifera pomwepo. Masabata otsalawo, akangomaliza kukama ng'ombe, ankamukhazika kukhitchini n'kumamuphunzitsa kalankhulidwe ka tsidya lino.

"Nena."

"Make."

"Osati ngati watsamwa. Dula. Nenanso."

"Billa, lilime langa si ng'ombe yoti uiphunzitse goli."

"Nenanso, iwe. Ukufuna ndidzachite manyazi ndili m'diresi latsopano?"

Mattes anabwereza mpaka nsagwada kuuma. Ankayeserera ali pathirakitala, ankayeserera podyetsa nkhumba, ndipo nkhumbazo sizinadandaule.

Tsiku linafika. Chihema chinadzaza, dzuwa likuwomba pa matambula a mowa. Mattes anaimirira unyolo uli pachifuwa, Billa pambali pake atavala magolovesi oyera. Anayamba. Anathokoza wansembe, anathokoza apongozi, k aliyense akugwa pamalo pake. Amayi achikulire anayamba kugwedeza mitu, wina mpaka ananong'ona kuti waphunzira ndithu. Mtima wa Billa unali m'mwamba.

Kenaka Mattes anayang'ana pakhomo pa chihema. Panaima mayi ake omubala, kankhalamba kovala chipewa chakuda, atayenda pansi kuchokera ku Sillhoven kudzaona mwana wawo ali mfumu. Palibe amene anawasunthira. Ndipo munthu salankhula ndi mayi ake ndi pakamwa pobwereka.

"Amayi, lowani! Anthu inu, wina awapatse mpando mayi anga, ayenda mtunda!"

Zinatuluka monga anayamwira, za ku Sillhoven zenizeni, zakukhosi. Kenaka patebulo la Wellem panamveka: "Khhhh." Kumbuyo wina anayankha: "Miyawu." Tebulo lina linalandira, linanso, mpaka chihema chonse chinasanduka khola la amphaka, amuna akumenya matebulo, ana akukwera pamabenchi.

Billa sanafune kuseka. Chinangomukwera ngati chifuwa. Anatseka pakamwa ndi golovesi, koma mapewa anamuulula. Mattes sanayang'ane Wellem, sanayang'ane chihema. Anayang'ana mkazi wake. Atabweza maso pakhomo, mayi ake anali atatembenuka kale, kachipewa kakuda kakulowera kunjira ya kukamtsinje.

"Zikomo nonse," anatero m'Chijeremani cha kusukulu, n'kukhala pansi.

Unyolo anauvala chaka chonse, pa misonkhano yonse, osajomba. Koma pakamwa anatseka. Munthu amene kwawo ankaseketsa anamfedwa anatsala ndi mawu owerengeka, onse a pawailesi: inde, ayi, mvula ikubwera. Anthu ankati ufumu wamukweza mapewa. Billa anayesa kamodzi, ali m'khola.

"Mattes, za tsiku lija..."

"Ng'ombe yakuda ija ikutsimphina," anatero Mattes, n'kunyamula ndowa.

Mayi a Mattes atamwalira nyengo yozizira yotsatira, Billa anatulutsa chovala chakuda. Mattes anachiyang'ana. "Khala, ungatope." Anawoloka yekha.

Zinakhala choncho zaka zoposa makumi awiri. Sankakangana, poti kukangana kumafuna anthu awiri. Ankadzuka limodzi, kukama limodzi, kudya buledi wakuda wopaka manyuchi moyang'anizana, wotchi yapakhoma ikulankhula m'malo mwawo. Annemie anakula, n'kupita kukagwira ntchito mumzinda, akudziwa kuti bambo ake ndi munthu wachete. Wellem anakhala mfumu kangapo, ndipo mawu ake othokoza ankatalika chaka ndi chaka.

Tsiku lina m'nyengo yokolola, Mattes anapezeka atagwa pambali pa thirakitala. Anabwera kuchokera kuchipatala mbali yakumanja itafa. Chijeremani cha kusukulu chinali chitafufutika m'mutu mwake, mawu a ku Gellenrath aja anawaphunzira kukhitchini nawonso atapita. Chinatsala ndi cha ku Sillhoven chokha, ndipo chinatuluka ngati madzi ogumula mgula. Ali gone pabedi limene anamuikira pabalaza, ankasimba za abambo ake osula zitsulo, za mbuzi imene inalowa m'tchalitchi, ankaimba, ankatukwana namwino mwaulemu. Billa ankamutcha mtsikana wa diresi lofiira.

"Iwe wa diresi lofiira, bambo ako akudziwa kuti uli kuno? Tandikandako pamsanapa, usaope, ndidzakukwatira."

Billa ankaseka mpaka misozi, ndipo ulendo uno ankaseka nthabwalayo. Akatuluka kukataya madzi, misozi ija inkapitirira yokha. Zonsezi zinali m'nyumba mwake zaka zonsezo, iye ndi amene ankaziponda phazi. Annemie akabwera kumapeto kwa sabata ankaima kumiyendo kwa bedi, maso ali pa mayi ake.

"Amayi, akuti chiyani bambo?"

Billa ankamasulira mwana mawu a bambo ake omubala.

Koma chinthu chimodzi mutu wosweka uja sunaiwale. Lamlungu lina anabwera a majekete obiriwira kudzazonda, Wellem patsogolo atanyamula botolo.

"Mphaka! Wagonekeratu? Dzuka, mbalame ikukudikira!"

Mattes, amene mphindi yomweyo ankaimba, anatembenukira kukhoma. Anakhala choncho mpaka alendo anamwa botolo lawo okha n'kutsanzika.

"Apita?"

"Apita."

"Billa, lino ndi tsidya liti?"

"Ndi kwanu kuno, Mattes."

"Usaname. Kuno ndi kwanu."

Anamwalira chisanu chisanathe. Apongozi aja sananame: a majekete obiriwira anamunyamuladi, n'kumugoneka pamalo a banja la Dohmen. Wellem analankhula pamanda m'chilankhulo cha mudzi, nati malemuwa anali munthu wofatsa, wosachulutsa mawu. Kenaka onse anakamwa khofi ndi keke. Pamwala panalembedwa mayina awiri monga timachitira kuno: la Mattes ndi zaka zake zonse, la Billa ndi chaka chobadwa chokha, mbali inayo yosalala, yodikira.

Kenaka kunabwera dzenje la malasha. Linali likubwera kuyambira kale, tinkaliona kutali usana likufuka fumbi, koma aliyense ankati lidzakhota. Silinakhote. Choyamba kufa chinali kamtsinje, chifukwa mapampu a kampani anayamwa madzi onse a pansi. Kanasanduka ngalande ya zitsamba, kenaka chimakina chokumba, chachitali kuposa tchalitchi, chinakameza pamodzi ndi minda. Malire aja anakhala pansi zaka chikwi osasuntha, lero ali m'mwamba mwa dzenje, pamene pamadutsa akhwangwala okha. Nyumba zinakhomedwa matabwa m'mawindo imodziimodzi. Anatimangira mudzi wina pamtunda wopanda mtengo pafupi ndi msewu waukulu, misewu yowongoka ngati mizere ya m'kope. Ana obadwira kumeneko sanena make, sanena maache, amalankhula za pa TV. Sillhoven yekha anapulumuka: dzenje linaima kuseri kwa madimba awo.

Akufa ankawasamutsa m'mamawa, atatchinga manda ndi nsalu. Izi zisanachitike, bambo wina waulemu wa kukampani ankayendera mabanja kufotokoza m'mene manda atsopano adzakhalire. Anafika kwa mayi Billa, amene tsopano anali okalamba, akulongedza makapu m'makatoni, Annemie akuwathandiza.

"Tayesetsa kuti anthu agone moyandikana monga ankakhalira m'mudzi," anatero bamboyo. "Amuna anu adzakhala pambali pa makolo anu."

"Nanga mbali inayo kudzagona ndani?"

"Malo amenewo asungitsa a banja la Kamphausen."

Mayi Billa anakulunga kapu m'nyuzipepala, n'kuiika m'katoni bwinobwino. "Makolo anga atengeni. Mwamuna wanga mukamusiye ku Sillhoven."

"Amayi!" anatero Annemie. "Ku Sillhoven kuli ndani? Abale a bambo anatha onse. Mukufuna akagone okha?"

"Kuli mayi ake."

"Nanga anthu adzati chiyani?"

"Adzanena. Pakamwa ali napo, ndipo amati ndi pabwino kuposa pa anzawo."

"Ine ndiye ndizidzayenda manda awiri?"

"Uli ndi galimoto."

Zinachitika choncho. Galimoto zonse zinalowera kumpoto, imodzi yokha kumwera, ndipo madzulo ake nkhani inali itafika kale kogula buledi. Palibe amene anapita ku Sillhoven kukaona. Munthu wa ku Gellenrath sapita ku Sillhoven popanda chifukwa, ndipo masiku ano kuti ukafike uyenera kuzungulira dzenje lonse, kusintha basi panjira. Loweruka lililonse anthu amaona mayi Billa pokwerera basi atanyamula chikwama ndi kakhasu ka maluwa, n'kumati akupita kwa mwana wawo mumzinda. Kakhasuko sakafunsa.

Mwezi wathawu mayi Billa anapita kumanda atsopano kukathirira maluwa a makolo awo. Pabenchi panali Wellem, mapewa aja atagwa, ndodo ziwiri zitatsamira pabondo. Anzake ambiri anagona kale mkati mwa mpanda wa mandawo, ndiye amasowa womuputa.

"Iwe Billa! Tabwera kuno. Ukuwathirira amene unawasunga?"

"Ndikuthirira maluwa, Wellem. Ukufuna ndikuthirireko nawe?"

"He-he. Tandiuza zoona, takalamba tonse. Akuti Mphaka unamusudzula ali m'bokosi. Anakulakwira chiyani munthu wofatsa uja? Akanagona apa, ine apo, tikanamacheza."

Mayi Billa anatsanula madzi otsala, n'kuika chitini pansi.

"Tinamutseka pakamwa ali moyo, iwe ndi ine. Ndiye ndimugoneke pambali pako mpaka kalekale? Kumene ali uko akalankhula palibe wolira ngati mphaka. Mwala ndinapita nawo womwe uja, dzina langa lili pompo. Ndikafa mudzanditengere komweko, a ku Sillhoven akandiseke ineyo. Ndi nthawi yanga."